Njinga ya munthu si sutikesi

Kwa amene simunathe kubwera Loweruka, nawa mawu omwe tinayankhula.

Pepani, lero tikutengerani kutali pang'ono, ku America. Tikudziwa ena mukuti, "Aaa, za ndege? Ife wathu ndi minibasi ndi kabaza." Dikirani kaye. Nkhaniyi ndi ya zomwe zimachitika munthu ukadandaula: akumva ndani, akulemba ndani, ndipo wolakwayo akumulanga ndani.

Tiyambe ndi mayi wina, Engracia Figueroa, yemwe ankamenyera ufulu wa anthu aulumali ndipo ankayenda pa njinga ya magetsi, ija timangoti wheelchair. Njingayo anaipanga mogwirizana ndi thupi lake, ya ndalama pafupifupi madola 30,000. Mu July 2021 anakwera ndege ya United Airlines kuchoka ku Washington kubwerera kwawo ku Los Angeles. Mukudziwa, mu ndege munthu sulowa ndi njinga yotere, amakulanda pakhomo n'kuiika pansi komwe kumakhala katundu. Atafika, anapeza yawonongeka. Anamukhazika pa njinga ina yosamuyenera kwa maola pafupifupi asanu, ndipo panatenga miyezi akukokanakokana ndi kampaniyo kuti imugulire ina. Bungwe lomwe ankagwira nalo ntchito, Hand in Hand, linafotokoza kuti kukhala pa njinga yobwerekayo kunamutukusira chilonda, ndipo chilondacho chinalowa matenda. Pa 31 October 2021, Engracia anamwalira ali ndi zaka 51.

Ndiye tikamati njinga si sutikesi, tikutanthauza zimenezi. Sutikesi ikasowa umagula zovala zina. Njinga ndi miyendo ya munthu.

Mwina mukuganiza kuti kumeneko kunalibe lamulo. Linalipo. Kuyambira 1986, lamulo lotchedwa Air Carrier Access Act limaletsa makampani a ndege kusala munthu chifukwa cha ulumali. Koma pali kamsampha. Makhothi akumeneko anagamula kuti munthu payekha sangasumire kampani pogwiritsa ntchito lamuloli. Woyenera kulitsata ndi unduna wa zamtengatenga wa dzikolo, Department of Transportation. Ndiye kuti undunawo ukagona, lamulo nalo lagona.

Dongosolo lake limayenda chonchi. Kampani iliyonse iyenera kukhala ndi munthu wophunzitsidwa kuthetsa madandaulo a anthu aulumali, yemwe ungamuitanitse pomwepo pa bwalo la ndege kapena pa foni. Ukalemba dandaulo, kampani iyenera kukuyankha molemba pasanathe masiku 30, n'kunena ngati ikuvomera kuti inalakwa kapena ayi. Ungathenso kudandaula ku unduna mwachindunji. Ndipo chaka chilichonse makampani amapereka ku boma chiwerengero cha madandaulo onse okhudza ulumali omwe alandira.

Papepala zikumveka bwino, eti? Koma kwa zaka zambiri, njinga zowonongeka sizinkawerengedwa pazokha. Zinkangolowa m'gulu la katundu. Amene anakankha kuti zisinthe ndi mayi mnzathu, Tammy Duckworth, phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku Illinois. Iyeyu anaduka miyendo yonse iwiri mu 2004 ku Iraq, helikopita yomwe ankayendetsa itawomberedwa, ndipo naye anaonapo njinga yake ikuwonongedwa pa ulendo wa ndege. Analowetsa mfundoyi m'lamulo la 2018, moti kuyambira December chaka chomwecho makampani akuluakulu amauza boma mwezi ndi mwezi kuti awononga, ataya kapena achedwetsa njinga zingati. Boma limatulutsa ziwerengerozi poyera, kampani iliyonse ndi dzina lake.

Ziwerengero zitayamba kutuluka, anthu anagwira pakamwa. Mu 2023 mokha zinali njinga zoposa 11,000. Gawani ndi masiku a pachaka, mupeza njinga pafupifupi 30 tsiku lililonse. Poyamba aliyense ankauzidwa kuti yake inali ngozi chabe, pepani. Koma ngozi yanji yochitika maulendo 30 pa tsiku?

Kenako chilango chinabwera. Mu October 2024, unduna uja, pansi pa nduna Pete Buttigieg, unalamula American Airlines kulipira chindapusa cha madola 50 miliyoni pa zolakwa za pakati pa 2019 ndi 2023: kunyamula anthu mosasamala mpaka ena kuvulala, kuwachititsa manyazi, kuwasiya akudikira thandizo, komanso kuwononga njinga zambirimbiri. Theka la ndalamazo linali lopita ku boma, theka linalo anawachotsera poganizira zomwe kampaniyo yaika pokonza zinthu ndi kulipira okhudzidwa. Nanga umboni unachokera kuti? Mbali yaikulu inachokera m'madandaulo omwe anthu analemba, mmodzimmodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali.

Koma tisathamangire kuimba nthungululu. Mu December 2024 unduna unatulutsa malamulo atsopano okhwima, okakamiza makampani kuphunzitsa antchito onyamula anthu ndi njinga zawo, komanso kukonza kapena kubweza njinga mwachangu. Mu 2025 makampani akuluakulu anakatsutsa malamulowa kukhothi, ndipo boma latsopano linaimitsa kaye kutsatira mbali zina. Ufulu womwe walembedwa lero, mawa ungaikidwe mu kabati ngati eni ake asiya kuuyang'anira.

Tsopano ifeyo zikutikhudza pati? Choyamba, malamulo a ku America aja amagwiranso makampani a mayiko ena pa ndege iliyonse yonyamukira kapena kutera m'dzikolo. Ngati inu, mayi anu kapena mnzanu woyenda pa njinga mukupita kumeneko kusukulu kapena kumsonkhano, ufulu umenewu ndi wanunso. Jambulani njinga pa foni musanaipereke. Ikabwera yowonongeka, musachoke pa bwalo musanalembetse. Funsani dzina la amene mwayankhula naye, ndipo sungani tikiti ndi kapepala kalikonse.

Chachiwiri, dziko lathu la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganoli limanena za mayendedwe momveka bwino. Choncho tili ndi chifukwa chofunsa oyang'anira za ndege kuno kwathu mafunso atatu. Munthu waulumali akachitiridwa nkhanza pa Kamuzu kapena pa Chileka, akadandaule kwa ndani? Ayankhidwa pakatha masiku angati? Nanga chiwerengero cha madandaulowo tingachione kuti?

Ife atsikana tinakula tikuuzidwa kuti wodandaula ndi wovuta, wamwano, wosaleredwa bwino. Mtsikana waulumali amauzidwa zoposa pamenepo: kuti azithokoza kuti amunyamula n'komwe. Ayi ndithu. Analipira tikiti ngati wina aliyense.

Ngati zoterezi zinakuchitikiranipo, kaya pa ndege, pa basi kapena pa depoti, tilembereni ku inbox. Dzina lanu sitilitchula popanda chilolezo chanu. Tikufuna tiyambe kuwerenga tokha, kuti tikamapita kwa akuluakulu tipite ndi nambala m'manja.