Tsitsi Likayamba Kuthothoka, Musadikire

Kwa inu amene simunabwere ku msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali, nawa mawu a mnzathu amene amaluka tsitsi pa saluni ina kumsika. Tawalemba monga momwe anayankhulira.



Ndiyambe ndi kuvula duku. Taonani apa, pamwamba pa khutu. Mwaona mmene pakunyezimira? Pamenepa sipadzameranso tsitsi. Sindinabadwe chonchi ayi. Kuyambira ndili ku sekondale ndinkalukitsa meshi yothina, ndikamasula lero mawa ndalukitsa ina. Mutu unkapweteka mpaka kulephera kugona, ine n'kumati kukongola kumafuna kupirira. Lero ndili ndi zaka 24, ndipo duku silichoka kumutu. Ndiye zimene ndinenezi sindikunena zongomva.

Poyamba ndikuchotseni mantha. Mutu wa munthu umakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo tsiku lililonse limathothoka pakati pa 50 ndi 100. Ukapeza tsitsi pang'ono pachipeso, si matenda. Vuto ndi pamene khungu layamba kuonekera, kapena mphumi ikunka ikukula.

Atsikana, ndiyambe ndi ife. Tsitsi lililonse lili ndi muzu wake pakhungu. Ukalikoka kwa miyezi ndi zaka, muzuwo umatupa, kenako umafa n'kusanduka chipsera. Usanafe umachenjeza: mutu kupweteka ukangoluka, tiziphuphu m'mbali mwa mutu, khungu kukokeka mpaka kulephera kutafuna bwino. Pa nthawi imeneyo ukamasula, tsitsi limabwerera. Koma pakafika posalala ngati panga apa, ngakhale utazola mafuta odula bwanji, ndalama zangopita. Akuluakulu anati kuwongola mtengo n'poyamba.

Choncho wokulukayo akamathinitsa, muuzeni pomwepo. Ndalama ndi zanu, mutu ndi wanu. Ifenso oluka timathinitsa chifukwa makasitomala amafuna kuti zikhalitse, koma amene amavutika pambuyo pake si ife. Meshi isapitirire masabata 6 mpaka 8 ili kumutu, ndipo mukamasula lipatseni tsitsi masabata angapo lipume. Tiana tasukulu musatikoke tsitsi la kutsogolo. Ndi lanthete kwambiri.

Za mankhwala owongola tsitsi. Ambiri mwa iwo muli sodium hydroxide, mankhwala omwe aja amapangira sopo. N'chifukwa chake amawotcha. Osapaka pa tsitsi lomwe linawongoledwa kale, pakani pa lomera kumene lokha, ndipo papite masabata osachepera 8 musanapakenso. Choipitsitsa ndi kuwongola lero n'kulukitsa meshi mawa. Tsitsi lafooka kale ndi mankhwala, inu n'kulisenzetsanso katundu.

Anyamata, ndikuona mukuseka. Yafika nthawi yanu. Makina ometera amodzi amadutsa pa mitu ingati pa tsiku? Chipere chimafala motero, komanso pobwerekana zipeso ndi zipewa, makamaka kwa azing'ono athu a ku pulayimale. Chimayamba ngati kamalo kozungulira koyabwa, tsitsi likuduka, khungu likufunduka. Musanakhale pampando wa ometa, onani ngati apukuta makinawo ndi sipiriti. Ndipo chipere cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha, chifukwa chimalowa m'tsitsi momwemo. Chimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 kapena kuposerapo. Pitani kuchipatala. Zopaka mafuta a galimoto kapena kukhula ndi phulusa mudzangowonjezera zilonda.

Nanga dazi? Limeneli nthawi zambiri ndi la kumtundu, ndipo lingachokere kwa bambo kapena kwa mayi. Chipewa sichibweretsa dazi, ndipo dazi silibweretsa chuma, musanamizidwe! Pali mankhwala opaka otchedwa minoxidil amene amachedwetsa dazi kwa anthu ena. Koma pamatenga miyezi 4 mpaka 6 kuti muone kusintha, ndipo mukasiya kupaka, tsitsi lija limathothokanso. Funsani a dokotala kaye musanagule. Zija amatsatsa pa Facebook kuti tsitsi limera m'masiku 7, ganizani bwino: tsitsi labwinobwino limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi wathunthu.

Chomaliza ndi za m'thupi. Nthawi zina tsitsi limangokhala mthenga. Ukadwala malungo aakulu, ukabereka, kapena ukadutsa m'nkhawa zazikulu monga maliro, tsitsi limatha kuthothoka kwambiri patatha miyezi iwiri kapena itatu. Limeneli kawirikawiri limabwerera lokha. Kuchepa kwa ayironi m'magazi nakonso kumathothola tsitsi, makamaka kwa ife atsikana chifukwa cha kusamba kwa mwezi ndi mwezi. Apa mankhwala ena ali m'mbale: nyemba, usipa, mazira, soya, bonongwe. Iwe amene ukudzimana chakudya kuti uchepe thupi, dziwa kuti tsitsi limayamba kuthawa iwe usanafike pomwe ukufuna. Chindoko nachonso chimatha kuthothola tsitsi malo ndi malo, ndiye likamachoka popanda chifukwa chooneka, kukayezetsa si chamanyazi.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Usiku uno tengani galasi, kapena mudzijambule ndi foni kutsogolo ndi m'mbali mwa mutu. Pakatha mwezi mudzijambulenso, mufananize. Mukaona kusintha, masulani zomwe zili kumutuko ndipo mukaonane ndi achipatala muzu udakali wamoyo. Ine ndinadikira zaka zitatu, ndikubisa ndi wigi.

Amene ali ndi meshi yopweteka pakali pano, andipeze tikaweruka. Ndimumasula ulere.