MBEU YABWINO YA KACEWERE

Mau olankhulidwa kwa alimi a ku mapiri

Alimi ambiri a ku Dedza, Nceu ndi Neno adandaula kuti kacewere wao acepa caka ndi caka, ngakhale athira manyowa. Kawirikawiri bvuto siliri m'nthaka, liri m'mbeu. Pokolola, mlimi agulitsa mbatata zazikuru nasunga tating'ono kuti adzabzale. Koma tambiri mwa timeneti tinacepa cifukwa tinacokera ku phando lodwala. Motero mlimi abzala nthenda ndi manja ace omwe.

Nthenda zazikuru zoyenda m'mbeu ziri ziwiri. Yoyamba ipiringiza masamba ndi kupinimbiritsa mmera, ndipo ifalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Yaciwiri ifotetsa mmera ngakhale nthaka iri yonyowa. Munthu akadula mbatata yace apeza mzere wofiirira wozungulira m'kati, ndi mafinya oyera. Nthendayi ikalowa m'munda ikhalitsa m'nthaka, ndipo palibe mankhwala opopera oicotsa.

Cifukwa cace akatswiri a malimidwe ayamba ndi mbeu yopanda nthenda. Adula kansonga ka mphukira, kocepa koposa njere ya mawere, kumene nthenda kawirikawiri siinafike, nakameretsa m'botolo loyera. Akakayesa ndi kupeza kuti nkabwino, akadula-dula kufikira mimera yacuruka. Mimerayi aibzala m'nyumba yocingidwa ndi ukonde kuti nsabwe zisalowe, ndipo timbatata tace ndito ticurukitsidwa m'minda. Ncito yotere icitika ku Bvumbwe. M'caka ca 2011 Boma, pothandizana ndi bungwe la International Potato Center la ku Peru, linaturutsa mitundu yatsopano monga Thandizo, Zikomo, Mwai ndi Bembeke.

Koma mbeu yabwino iipanso ngati mwini wace saisamala. Mlimi asaibzale pamene panali kacewere, matimati kapena fodya posacedwa. Mmera wofota auzule pamodzi ndi dothi lace, nautaye kutali ndi munda. Maluwa asanacite, azike kamtengo pa phando liri lonse lamphamvu. Pokolola ayambe kukumba amenewo, nasankhe mbatata zonga dzira la nkhuku. Azisunge pa thandala, m'nyumba yopita mphepo, yowala koma yosalowa dzuwa, kuti mphukira zikhale zazifupi ndi zolimba.

Mbeu ya pa msika munthu sadziwa kumene inacokera. Wofuna yabwino afunse mlangizi wa kwao. Aphunzitsi ndi mafumu apemphedwa kuwerengera mauwa anthu osadziwa kuwerenga nyengo yobzala isanafike.