Kuthima kwa magetsi tikulembe m'kope

Mawu amene mtolankhani wathu anayankhula kwa mafumu ndi amalonda kwa Kaduya, m'boma la Phalombe



Ine si katswiri wa magetsi ayi. Ndine mtolankhani chabe, ndipo ku yunivesite komwe sindinamalize. Koma ntchito yangayi yandiphunzitsa kuti dandaulo lopanda nambala limathera pakhomo pa ofesi.

Dzulo ndinafunsa bambo wina wa chigayo kuti magetsi anathima kangati mwezi wathawu. Anati, "Kambirimbiri." Mayi wina wogulitsa zoziziritsa kukhosi anati, "Tinasiya kuwerenga." Onsewa sakunama, koma bwana wokhala ku Blantyre ukamuuza kuti "kambirimbiri" amangogwedeza mutu, nkhani nkuthera pomwepo.

Makampani a magetsi m'mayiko ambiri amayesedwa ndi nambala ziwiri. Yoyamba, yotchedwa SAIFI, imanena kuti wogula mmodzi magetsi amuthimira kangati pa chaka. Yachiwiri, SAIDI, imanena kuti wakhala mu mdima maola angati. Zonse ndi zofunika. Tiyerekeze kuti mudzi wina magetsi athima kakhumi, ola limodzi nthawi iliyonse, pomwe mudzi wina athima kamodzi kokha koma maola khumi. Maola ndi ofanana, mavuto ndi osiyana. Woyambawo chigayo chimangoima chimanga chili m'kati. Wachiwiriwo nyama ya m'firiji yaonongeka.

Vuto ndi lakuti nambala ya dziko lonse imasakaniza Migowi ndi Lilongwe. Wa m'tauni akakonzeredwa lero lomwe, wakumudzi nkudikira masiku atatu, pa pepala onse amaoneka ngati ali bwinoko.

Tisiyanitsenso zifukwa. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kampani ya EGENCO yakhala ikuwapanga kuyambira 2017, ESCOM nkumagawa. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023, ndipo tonse tinkalandira magetsi mosinthana. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitichita kuuzidwa ife a ku Phalombe. Amenewo ndi masoka. Koma polo ikagwa kapena thiransifoma ikapsa kunja kuli ngwee, funso ndi lakuti: okonza anafika patapita maola angati?

Pempho langa nali. Tigule kope limodzi, likhale pa chigayo kapena pa golosale yotsegula tsiku lililonse. Tijambule mizere isanu: tsiku, nthawi yothima, nthawi yoyaka, amene tinamuuza, ndi chifukwa chimene anapereka. Usiku alembe mlonda. Mwezi ukatha, komiti ya chitukuko cha m'mudzi iwonkhetse, amfumu adinde, pepalalo likhomedwe pamsika.

Kenaka tilitumize ku ESCOM ndi ku MERA, bungwe limene limavomereza mitengo ya magetsi ndi kumva madandaulo a ogula. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku mabungwe a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tili ndi ufulu wopempha nambala za nthambo yathu ino, ndi kuzifanizira ndi za m'kope lathu. Anzathu a kwa Bondo ku Mulanje, amene amalandira magetsi a bungwe la MEGA ochokera mu mtsinje wa Lichenya, nawonso angachite chimodzimodzi, pakuti wogulitsa akhale wamkulu kapena wamng'ono, wogula ayenera kudziwa chimene akulipira.

Ndondomeko ya MAREP ikafikitsa nthambo kumudzi timavina, ndipo atsogoleri amawerenga mapolo pa msonkhano. Palibe amene amabweranso kudzawerenga maola amene nthambozo zakhala zopanda moto. Ntchito imeneyo yatsalira ife.

Ine ndikulonjeza kuti mukanditumizira tsamba loyamba la kopelo, ndidzalisindikiza monga momwe lilili. Kope ndabwera nalo, ndi ili. Ndani ayambe kulemba mawa?