Nsangwe Ndi Moyo Wa Nyenyezi

Nkhani iyi inaulutsidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Ulimi.



Mu Okutobala, pamene dzuwa liswa mtengo ndipo ife tili kalikiliki kusosa m'minda, kagulu ka nyenyezi kotchedwa Nsangwe kamatuluka kum'mawa anthu atatha kudya nsima ya madzulo. Pofika pakati pa Novembala kamatuluka dzuwa litangolowa. Azulu akatcha isiLimela, Aswahili akatcha Kilimia, ndipo maina onse awiri achokera ku mau akuti kulima. Kodi tsono nyenyezi zimenezi ndizo zibweretsa mvula? Tiyeni timve zimene akatswiri apeza.

Munthu akayang'ana nyenyezi ali pansi pano, mpweya, fumbi ndi utsi wa lupsa zimamtchinga, monga mwala wa pansi pa mtsinje suoneka bwino madzi akamayenda. Chifukwa cha ichi akatswiri anakweza magalasi oonera kutali, otchedwa telesikopu, pamwamba pa mpweya wonse. M'chaka cha 1990 anthu a ku America ndi a ku Ulaya anatumiza telesikopu ya Hubble, ya kalilole wa mamita 2.4 m'mimba mwake, imene izungulira dziko pa mphindi 95 zilizonse. Mu 2013 a ku Ulaya anatumiza ina, Gaia, yoyeza kutalika kwa nyenyezi, ndipo ntchito yake inatha mu 2025. Mu 2021 inapita James Webb, ya kalilole wa mamita 6.5, imene iona kutentha kosaoneka ndi maso, chotero itha kupenya ndi m'kati mwa fumbi momwe.

Maso athu aona nyenyezi 6 kapena 7 mu Nsangwe, koma zilimo zoposa 1,000. Iliyonse ndi dzuwa palokha. Ioneka yaing'ono chifukwa ili kutali. Kuwala kuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kochokera ku dzuwa lathu kutipeza pa mphindi 8 zokha. Koma Gaia inaonetsa kuti kuwala kwa Nsangwe kuyenda zaka pafupifupi 440 kuti kufike kuno. Kumene tikuona usiku uno kunanyamuka m'masiku amene a Kalonga ankalamulira Amaravi.

Chachikulu chimene akatswiri aphunzira ndi ichi: nyenyezi zibadwa, zikalamba, ndipo zifa. Mungafunse kuti, "Adziwa bwanji, popeza palibe munthu anakhalapo zaka zonsezo?" Taganizani za munda umene mwadzalamo nyemba, chimanga ndi chinangwa tsiku limodzi. Mlendo wodziwa ulimi akapeza nyemba zitazulidwa, chimanga chitauma, chinangwa chikali chobiriwira, angakuuzeni miyezi imene yapita chidzalireni. Gulu la nyenyezi lili ngati munda wotere, pakuti zonse zinabadwa nyengo imodzi mu mtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi. Zazikulu, za maonekedwe a buluu, ziyaka ngati moto wa udzu ndi kutha msanga. Zazing'ono zofiirira zinyeka pang'onopang'ono ngati chikuni cha tsanya. Poona zimene zatha ndi zimene zatsala, akatswiri awerenga msinkhu wa gulu lonse.

Mu Nsangwe nyenyezi za buluu zikali kuwala, ndipo msinkhu wake ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 100. Poyerekeza ndi dzuwa lathu, la zaka mamiliyoni 4,600, Nsangwe ndi mbande chabe. Gulu lina, Omega Centauri, lioneka kumwera madzulo a nyengo ya masika ngati kanyenyezi ka chimbuuzi. Hubble inalekanitsa nyenyezi zake imodziimodzi. Zilimo mamiliyoni, zazikulu zonse zinafa kale, ndipo msinkhu wake ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 12,000.

Nazale ya nyenyezi mungaione ndi maso anu. Pambuyo pa Nsangwe zituluka nyenyezi zitatu zondondozana zija, Akamwiniatsatana. Chakumwera kwake kuli kamtambo kotuwa, kamene akatswiri akatcha Orion Nebula. M'zaka za m'ma 1990 Hubble inajambula m'menemo nyenyezi zamakanda zozingidwa ndi mbale za fumbi, ndipo m'fumbi lotere ndimo muumbika maiko onga lathuli.

Imfa ya nyenyezi nayo inaoneka. Mu Febuluwale 1987 nyenyezi yaikulu inaphulika kumwera, anthu a maiko a kumwera naiona ndi maso okha. Hubble yakhala ikuyang'anira zotsala zake zikumwazika kuyambira 1990. Nyenyezi ili moyo ipanga m'kati mwake zinthu zolemera, ndipo pakufa izimwaza monga mapesi abwerera m'nthaka. M'fumbi limenelo mubadwanso nyenyezi zina. Chitsulo cha khasu lanu, ndi chitsulo chimene chifiiritsa dothi la katondo, chinapangidwa m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lathu lisanabadwe.

Nyenyezi yophulika ija inali m'mudzi wina wa nyenyezi, woyandikana ndi wathu. Mudzi wathu ndiwo Mlalang'amba, mzere wotuwa umene upingasa thambo usiku wopanda mwezi, ndipo uli ndi nyenyezi zoposa mamiliyoni 100,000. Mu 1995 Hubble inayang'ana masiku 10 pa kadanga ka thambo kochepa ngati njere ya fodya ili pa chala mutatambasula dzanja, nipezamo midzi yotere pafupifupi 3,000.

Tsono tibwerere ku funso la mvula. Zinthu zakutali chomwechi sizingakoke mtambo kudza pa munda wanu, iai. Nsangwe ibwera nyengo yomweyo chaka ndi chaka chifukwa dziko lathu lizungulira dzuwa, ndipo nyenyezi zifulumira kutuluka ndi mphindi 4 usiku uliwonse. Mvula idza ndi mphepo zonyamula chinyezi, zimene chaka china zifulumira, chaka china zichedwa. Chotero makolo a mitundu yambiri sanalakwe poyesa Nsangwe kalendala, pakuti siiphonya tsiku. Koma wodzala chifukwa waona nyenyezi, nthaka ili youma, ataya mbeu yake.

Mukaona Nsangwe madzulo, malizani mizere, konzani mbeu, koma dikirani mvula ilowe bwino m'nthaka musanadzale. Ndipo inu mafumu, uzani akuluakulu a m'midzi mwanu atulutse ana pabwalo usiku, awalozere Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba, kuti maina amenewa asatayike.

Tsalani bwino nonse.