Funsani Mwini Wake wa Mau

Mau okambidwa kwa mafumu, nyakwawa ndi mamembala a nthambi za m'dera la Mfumu Yaikulu Mburuma, boma la Luangwa.

Anthu a m'dera lino amakhala pamalire. Tsidya la mtsinje wa Luangwa kuli Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Zimbabwe, ndipo nkhani zimaoloka madzi amenewa mosafuna bwato. Cifukwa cace munthu wa kuno ayenera kudziwa kupeta nkhani monga mai apeta mapira.

Mu 1976 kunayamba kumveka wailesi yochedwa Voz da África Livre, ndiye kuti Mau a Afirika Womasuka. Inali kunyoza boma la Frelimo, nidzionetsa ngati pakamwa pa anthu a ku Mozambique. Koma inali kuulutsidwa kucokera ku Gwelo, m'Rhodesia, mothandizidwa ndi akazitape a boma la Ian Smith. Ulamuliro wa Rhodesia utatha mu 1980, wailesiyo inasamukira ku South Africa. Inatsata mbuye wace.

Ngakhale wailesi yodziwika ingagwe m'manja ena. Pa 30 June 1990, Lefutenanti Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi ya dziko ku Lusaka kuti asilikari alanda boma. Anthu ambiri anathamangira m'miseu kukakondwerera. Patapita maola ocepa zinadziwika kuti boma la Dr Kenneth Kaunda lidakalipo, ndipo linakhalapo kufikira masankho a 1991.

Masiku ano mphekesera ziyenda pa foni, pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo wozipeka sadziwika nkhope. Uthenga umodzi wabodza wonena za feteleza, za mtengo wa nsomba kapena za katemera ungatayitse banja ndalama, ngakhalenso moyo wa mwana.

Motero membala aliyense asanapitirize nkhani, afunse mafunso atatu. Coyamba, wanena ndani, ndipo amene amlipira ndani? Caciwiri, kodi alipo wina wosagwirizana naye amene wanenanso zofanana? Cacitatu, kodi mlangizi wa zaulimi, namwino kapena mphunzitsi wa pafupi angatsimikize? Mafunso amenewa ayenera nkhani ya pa foni, ya wandale wa cipani ciri conse, ndiponso ya nyuzipepala ya boma.

Atsogoleri a nthambi akumbuke kuti anthu amakhulupirira mau ocokera pakamwa pao. Mtsogoleri wofalitsa cimene sanafufuze asoceretsa mudzi wonse, ndipo mawa akadzanena zoona, sadzapeza womumvera.