Tiphunzire Kumanga Tayi



Lero tabwera ndi tayi. Ena mwayamba kale kuseka. Mukuti: "Aphunzitsi, ife ndife alimi. Tayi tikavalire kuti? Kumunda?" Ayi, si kumunda. Tamverani.

Bambo wina wa m'gulu lathu lino akukwatitsa mwana wawo wamkazi Loweruka likubwerali ku Ulongwe. Ali ndi tayi imodzi. Anawagulira ndi mwana wawo wogwira ntchito ku Tete, ndipo anawamangiratu mfundo. Zaka zitatu mfundoyo sinamasulidwe. Akafuna kuvula ankangoikoka pang'ono, n'kuitulutsa pamutu, n'kuipachika pamsomali. Sabata yatha kamdzukulu kanaitenga, kanaimasula. M'mudzi monse sanapezeke woimanganso. Anabwera kwa ife madzulo, ataikulunga m'pepala, akulankhula motsitsa mawu: "Ndikaima bwanji pamaso pa asewere?"

Ifenso tisabise. Tinayesa, mfundo inatuluka ngati yomangira mbuzi. Ife amene tinafika kusekondale! Tinachita kukafunsa, ndipo tinayeserera masiku awiri.

Kodi tayi n'chiyani? Ndi nsalu chabe. M'nthawi ya atsamunda makolo athu ankaiona pakhosi pa mabwana ndi makalaliki a kuboma. N'chifukwa chake ena amaiopa mpaka lero, ngati ili ndi nzeru yobisika. Koma amene anaitchukitsa anali asilikali a ku Croatia, amene anamenyera dziko la France pa nkhondo ya 1618 mpaka 1648. Ankamanga kansalu pakhosi. Afalansa anatengera, nakatcha cravate potsata dzina la mtundu wa asilikaliwo. Mawu a Chipwitikizi akuti gravata, amene timawamva pamsika, anachokera pomwepo.

M'chaka cha 1999 Thomas Fink ndi Yong Mao, akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge, anawerenga njira 85 zomangira tayi. Ife tikufuna imodzi yokha, yapafupi.

Mangani batani lapamwamba la malaya. Kwezani kolala. Tayi ili ndi mbali ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Ikolekeni pakhosi, msoko wake uyang'ane kuchifuwa. Yaikulu ikhale kumanja, ilendewere pansi kupitirira yaing'ono ndi zikhatho zitatu, ngati masentimita 30.

Tsopano mvetsetsani, pakuti ambiri amasokonezeka pano. Yaing'ono siyenda. Igwireni ikhale phee, ngati mzati. Yoyenda ndi yaikulu yokha.

Yaikulu idutse pamwamba pa yaing'ono, kupita kumanzere. Ibwerere kumanja kudzera pansi. Idutsenso pamwamba kupita kumanzere, koma ulendo uno ikani chala pansi pake kuti pakhale mpata. Kenaka ikwere kuchokera pansi, pakati pa khosi ndi tayi, itulukire pachibwano. Itsike m'mpata uja munasunga ndi chala. Ikokereni pansi pang'onopang'ono. Gwirani yaing'ono, kankhirani mfundo m'mwamba mpaka ifike pabatani. Tsitsani kolala.

Tinene tonse: pamwamba, pansi, pamwamba, pakhosi, m'mpata. Tibwerezenso. Pakamwa pakazolowera, manja amatsatira.

Tidziwa bwanji kuti takhoza? Imirirani mowongoka. Nsonga ya yaikulu ifike palamba. Ikathera pamchombo, ndipo yaing'ono ikusuzumira pansi, masulani, yambaninso mutatsitsa yaikulu. Ikapitirira lamba, yambani mutaikweza. Munthu wamtali ndi wamfupi sayambira pamodzi. Aliyense aone batani la malaya pamene yaing'ono ikuthera poyamba, alikumbukire. Ife kumeneku ndiko kunativuta kuposa mfundo yomwe.

Mfundo imeneyi imapendekeka pang'ono. Musalimbane nayo, ndi mmene imakhalira. Musadzikanyange pakhosi: chala chilowe pakati pa kolala ndi khosi, kuti muthe kudya ndi kuyimba paukwati. Galasi musayambe nalo. Limaonetsa kumanja ngati kumanzere, ndipo wophunzira amatayika. Weramani, yang'anani manja anu. Galasi likhale lomaliza, poongola mfundo.

Mukavula, masulani. Kokani yaing'ono ituluke m'mfundo, yonse imasuka yokha. Tayi yosungidwa ndi mfundo imachita makwinya osatha, ndipo mwini wake amakhala wodikira ena.

Amayi, musakhale kumbuyo. Mawa ndinu mudzamanga pakhosi pa mnyamata wopita kukafunsira ntchito.

Bambo aja analephera kasanu. Anafuna kusiya, anati manja awo akalamba. Manja omwewo amamanga denga ndi luzi chaka ndi chaka, mphepo osalisasula! Ulendo wachisanu ndi chimodzi mfundo inakhala. Dzulo anamanga katatu popanda wowauza, ndipo lero atithandiza kuphunzitsa.

Matayi tili nawo awiri okha, watatu ndi wa bamboyu. Ena mutenge timizere ta kapulana yakale timene tadula apa. Khalani awiriawiri, wina azimanga, wina azinena mawu asanu aja. Tiyambe. Kwezani kolala.