Kodi Dzina Langa Lili pa Mndandanda?

Komiti inandipempha kuti ndinenepo za ntchito ya makompyuta imene ndimagwira m'boma. Ndasankhapo kanthu kamodzi kokha, poti mphindi khumi sizichedwa kutha.

Mukalemba nambala yanu pa tsamba la intaneti, tsambalo n'kuyankha pompo kuti mulipo kapena mulibe, kawirikawiri imene yagwira ntchito ndi pulogalamu ya JavaScript, chinenero chimene Brendan Eich anapanga ku kampani ya Netscape mu 1995. M'chinenerochi mndandanda umatchedwa array.

Poyamba, wolemba pulogalamu ankachita kuuza kompyuta kuti iyende mndandanda wonse, chinthu chimodzichimodzi, monga ankaitanira mayina aphunzitsi athu m'mawa. Mu 2009 malamulo a ECMAScript 5 anakhazikitsa njira yachidule yotchedwa indexOf, ngakhale kuti Internet Explorer 8 inalibe njirayi, moti ambiri ankathawira kwa inArray ya jQuery.

Apa ndikupempha kuti mutchere khutu. indexOf siyankha kuti inde kapena ayi. Imanena malo amene chinthucho chili, ndipo imawerenga kuyambira pa 0, osati pa 1. Ikachisowa imapereka -1. Tsono JavaScript imatenga 0 ngati ayi, pamene -1 imamutenga ngati inde. Munthu akangolemba if (mndandanda.indexOf(nambala)) n'kusiyira pomwepo, woyamba pa kaundula akanidwa, mlendo amene sanalembedwe n'komwe aloledwa, ena onse adutsa bwinobwino. Chifukwa ambiri akudutsa, vutoli litha kukhala miyezi osaoneka. Taganizirani mayi wokalamba amene walipira basi kuchokera kumudzi, n'kuuzidwa pawindo kuti kompyuta yakana, pamene dzina lake ndi loyambirira penipeni. Mankhwala ake ndi ochepa: kufunsa ngati yankholo silili -1.

Mu 2016 kunabwera includes, imene imayankha true kapena false basi. Ine ndimauza achinyamata a muofesi kuti azigwiritsa ntchito imeneyi. Dzina limene inayenera kupatsidwa linali contains, koma zinapezeka kuti likanasokoneza masamba akale odalira MooTools, ndiye analisintha. Imapezanso NaN, chizindikiro cha masamu amene sanatuluke nambala, chimene indexOf siichipeza.

Komabe includes nayo ili ndi mwambo wake. Kwa iyo, nambala 452 ndi mawu "452" ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zimene munthu walemba m'bokosi la fomu zimafika ngati mawu. Ena amathamangira kusandutsa zonse kukhala manambala. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa "0452" ikasanduka nambala ziro wakutsogoloyo amatayika, anthu awiri n'kukhala munthu mmodzi. Nambala ya chiphaso kapena ya mayeso si yowonkhetsa, choncho isungidwe ngati mawu mbali zonse ziwiri. Kampata kotsalira kumapeto kwa dzina, kapena chilembo chachikulu pamene panayenera chaching'ono, nazonso zimakanitsa munthu.

Ngati mndandanda uli ndi zambiri za munthu aliyense, monga dzina, chaka ndi boma lochokera, includes sithandiza; pamenepo timagwiritsa ntchito some, n'kuiuza choti iyerekeze. Mayina akafika zikwizikwi ndipo mukufunsa kambirimbiri, Set ndi has zimafulumira.

Kwa inu amene mumasaina mapepala ogulira mapulogalamu m'maofesi mwanu, dziwani kuti zonsezi zimachitikira mu browser ya munthu amene akulembayo, ndipo wodziwa angathe kuitsegula n'kusintha yankho. Pa nkhani ya ndalama kapena malo a sukulu, funsani amene wakupangirani ngati server nayonso imafufuza mndandandawo payokha, ndipo poyesa pulogalamuyo muyambe ndi dzina loyamba pa kaundula.